Kufewetsa chiwongolero cha galimoto yakale ndi masipeya ogwiritsidwapo kale ntchito

Nyengo yokolola ikafika, galimoto zakale zoyendera magudumu onse anayi sizipuma. Ma Land Cruiser ndi ma Hilux a zaka za m'ma 1980 ndi 1990 ndiwo amatsika ndi kachewere kuchokera ku Tsangano, amatulutsa soya ndi mtedza m'midzi ya ku Mchinji ndi Kasungu, ndipo amadutsa m'matope momwe galimoto zing'onozing'ono zimagonja. Eni ake amazikonda chifukwa injini zake n'zosavuta kukonza ndipo masipeya ake akupezekabe. Dandaulo lomwe limamveka kawirikawiri ndi la chiwongolero cholimba. Galimoto ikasenza matumba, kuikhotetsa pamalo opanikizika ngati pamsika wa Lizulu kumafuna mphamvu za m'mapewa, ndipo dalaivala amene wayenda tsiku lonse amafika kunyumba msana ukuwawa.

N'chifukwa chake eni galimoto ambiri amafunsa za kuika power steering. Zipangizo zatsopano n'zodula, makamaka chichokereni pomwe kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022 komanso ndi 44 peresenti mu November 2023. Ambiri tsono amathamangira masipeya ochotsedwa pa galimoto zina, omwe amapezeka ku Biwi ndi ku Malangalanga mu Lilongwe, ku Ndirande ndi ku Limbe mu Blantyre, komanso m'magalaja a ku Mzuzu. Ntchitoyi ndi yotheka, ndipo ikagwiridwa bwino galimoto imasintha kwambiri. Ikagwiridwa mwachinyengo, mwini wake amataya ndalama, ndipo chiwongolero chikakana pamsewu anthu amafa.

Kodi vuto ndi chiwongolero?

Mwini galimoto asanatulutse ndalama, ayambe waona ngati kulimbako sikukuchokera kwina. Matayala akutsogolo opanda mpweya wokwanira amalemetsa chiwongolero. Matayala otambalala kuposa omwe galimoto inabwera nawo amachitanso chimodzimodzi. Ma bearing omwe magudumu akutsogolo amakhoterapo akauma kapena kuphwanyika, chiwongolero chimagwira. Ma tie rod end otha, steering box yopanda oyilo, ndi masipuling'i akutsogolo omwe anagwa kapena kukwezedwa molakwika, zonsezi zimasintha kayendedwe ka galimoto.

Kuyesa kwake n'kosavuta. Makaniko akweze kutsogolo konse pa jeke, magudumu onse awiri achoke pansi, kenaka azungulitse chiwongolero kuchokera mbali ina kufika mbali inayo. Chikamayenda mofewa popanda kugwira paliponse, ndiye kuti kulimbako ndi kwachibadwa cha galimotoyo ndipo power steering ithandiza. Chikamalimba magudumu ali m'mwamba, pali chofunika kukonza kaye. Kuika pampu pa galimoto yomwe ziwalo zake zatha kumangobisa matendawo, ndipo mphamvu ya pampuyo imathyola msanga chomwe chinali chitafooka kale.

Zomwe zimagulidwa

Power steering ya mafuta imagwira ntchito chonchi: injini imazungulitsa pampu, pampu imakankha mafuta kupita mu steering box, ndipo dalaivala akakhotetsa chiwongolero, valavu ya m'bokosimo imalozetsa mafutawo mbali yomwe akufuna kupita. Mafutawo ndiwo amakankha magudumu m'malo mwa mikono yake.

Choncho bokosi lokha silokwanira. Pamafunika steering box ya power steering pamodzi ndi pitman arm yake, pampu, bulaketi yomangira pampu ku injini, pulley ya pampu ndi ina ya pa crankshaft yokhala ndi mzere woyendamo lamba wowonjezera, lambayo, kathanki ka mafuta, paipi yopita ku bokosi, paipi yobwerera ku thanki, ndi shafti yolumikiza chiwongolero ku bokosi pamodzi ndi ma universal joint ake. Pa galimoto zina pamafunikanso drag link ya utali wina.

Apa ndi pomwe ambiri amaluzira. Munthu amagula bokosi ndi pampu pa mtengo womwe akuuona ngati wabwino, kenaka amatha milungu akusakasaka bulaketi ndi pulley. Wogulitsa akadziwa kuti galimoto yaima pagalaja ikudikira kachitsulo kamodzi, mtengo wa kachitsuloko umakwera. Wogula wochenjera amatenga zonse pa galimoto imodzi tsiku limodzi, mpaka mabawuti ndi mawashala omwe, ndipo amakambirana mtengo wa mulu wonse.

Galimoto yoyenera kuchotsako zipangizo

Lamulo loyamba ndi la mbali ya chiwongolero. Galimoto za kuno, monganso za ku Zambia, Mozambique, Tanzania, Zimbabwe, South Africa ndi Japan, zili ndi chiwongolero kumanja. Steering box ya galimoto ya chiwongolero chakumanzere sikwana pa chasisi ya kuno, ngakhale dzina ndi chaka cha galimoto zitafanana. Katundu wodzera ku Dubai amakhala wosakanikirana, wina wochotsedwa pa galimoto za ku Japan, wina pa galimoto za komweko zomwe chiwongolero chake chili kumanzere. Wogula afunse ndipo ayerekeze ndi bokosi lake lakale asanalipire.

Ntchito imaphweka pomwe galimoto ya mtundu womwewo inkatuluka ku fakitale ina ili ndi power steering, ina ilibe. Umu ndi momwe zilili ndi Hilux LN106 ya injini ya 3L, yomwe inayamba kupangidwa mu 1988, komanso Land Cruiser za mtundu wa 70 zomwe zinayamba mu 1984. Pa galimoto zotere mabowo a pa chasisi amakhala alipo kale, ndipo ntchito yaikulu ndi kumasula ndi kumanga. Chosamala pa Hilux n'chakuti bokosi la Surf LN130, yomwe magudumu ake akutsogolo amayenda palokhapalokha, ndi losiyana ndi la Hilux ya ekiselo imodzi yolimba kutsogolo. Ogulitsa ena amati zonse ndi Hilux, koma kamangidwe kake sikafanana.

Land Cruiser ya mtundu wa 40, yomwe inapangidwa kuyambira 1960 mpaka 1984, imafuna ntchito yambiri. Bokosi lake lakale limakhala kumbuyo, pafupi ndi mapazi a dalaivala, ndipo mphamvu imadutsa m'zitsulo zingapo isanafike ku magudumu. Njira yodziwika ndi kutenga bokosi la Land Cruiser ya mtundu wa 60, yomwe inayamba mu 1980, n'kulimanga kutsogolo pa chasisi. Ubwino wake ndi wakuti zolumikiza zingapo zakale zimachoka, ndipo kugwedera kwa chiwongolero kumachepa. Kuipa kwake ndi kwakuti chasisi imabooledwa, shafti imapangidwa yatsopano, ndipo nthawi zambiri chitsulo chogwira shock absorber chimasunthidwa.

Pa pampu, chotsogolera ndi injini. HJ47 ndi HJ60 zonse zili ndi injini ya dizilo ya 2H, ndipo BJ42 ndi BJ60 zili ndi 3B. Pampu ndi bulaketi zochokera pa injini yofanana zimakhala pamalo pake popanda kusula zambiri. Pampu ya injini ya 1HZ, yomwe ili mu Land Cruiser zambiri za kuyambira 1990, imazungulitsidwa ndi magiya a m'kati mwa injini, choncho singamangidwe pa injini yomwe imafuna pampu ya lamba. Amene waigula chifukwa chakuti ikuoneka yatsopano amangosunga chitsulo.

Land Rover Series III, yomwe inapangidwa kuyambira 1971 mpaka 1985, inkatuluka ku fakitale ya ku Britain yopanda power steering. Oisintha amabwereka bokosi la Defender kapena la Range Rover, ndipo ntchito ya pa chasisi imakhala yaikulu ngati ya Land Cruiser 40.

Pali msampha wina womwe umaoneka ntchito itatha kale. Mabokosi ena anapangidwa kuti pitman arm iloze kutsogolo, ena kuti iloze kumbuyo. Bokosi likaikidwa mkonowo utatembenuzidwa, chiwongolero chimapita kumanja magudumu n'kupita kumanzere. Makaniko aike bokosi pansi momwe likakhalire pa galimoto, azungulitse shafti ndi dzanja, aone komwe mkono ukupita. Safunsa anadya phula.

Kuyesa katundu pamsika

Bokosi lotsukidwa bwino ndi kupakidwa penti silitanthauza kuti ndi lamoyo. Wogula agwire pitman arm ndi dzanja limodzi, azungulitse shafti yolowera ndi linalo. Bokosi lili pakati, mkono uyenera kuyamba kuyenda shafti ikangosuntha pang'ono. Akatero azungulitse kuchokera kumapeto mpaka kumapeto, akumvetsera ngati pali pogwira kapena pokhadzula.

Pamwamba pa bokosi pali sikulu yokhala ndi nati, yomwe imachepetsa kugwedera. Bokosi limatha kwambiri pakati, chifukwa galimoto imayenda molunjika nthawi zambiri. Wogulitsa wachinyengo amamanga sikuluyo kuti pakati pamveke pothina, koma bokosi lotero limagwira likakhota, ndipo chiwongolero sichibwerera chokha galimoto ikatuluka pakona. Zipsera zatsopano za sipanala pa natiyo zimaulula.

Shafti yaikulu yotulukira pansi, pomwe pamalowa pitman arm, ili ndi timizere. Timizereto tikhale tolunjika. Tikapotoka, galimotoyo inagundidwa gudumu mwamphamvu ndipo shaftiyo ikhoza kuthyoka nthawi iliyonse. Bokosi lochokera pa galimoto yomwe inachita ngozi kutsogolo, kumbali ya dalaivala, ndi loyenera kulisiya ngakhale litatchipa. Pitman arm yomwe ili ndi chizindikiro chakuti inawotchereredwa kapena kutenthedwa ndi moto wa gasi kuti ipindike isagulidwe konse.

Pa pampu, pulley izungulire mosalala ndipo isagwedere ikakankhidwa cham'mbali. Mafuta otsalira m'kati adonthezedwe pa pepala loyera. Ofiira kapena ofiirira pang'ono ndi abwino. Akuda onunkha kupserera, kapena okhala ndi tizitsulo tonyezimira, akusonyeza pampu yomwe inayenda youma. Ooneka ngati tiyi wamkaka ali ndi madzi. Masipeya ambiri amagona panja dzinja lonse mabowo ali pululu, ndipo dzimbiri la m'kati silioneka mpaka chinthucho chitaikidwa.

Pomwe ndalama zimathera

Mitengo ya masipeya ochokera kunja imasintha ndi kwacha, ndipo mtengo womwe munthu anamva mwezi watha sungadaliridwe lero. Chothandiza ndi kulemba mndandanda wa zonse zofunika, kufunsa kwa ogulitsa atatu kapena kuposerapo, n'kuyerekeza mtengo wa mulu wonse. Woitanitsa kuchokera ku Johannesburg, Durban kapena Dar es Salaam awerengeretu mtengo wonyamulira ndi msonkho wa MRA, chifukwa steering box ndi yolemera.

Pali zinthu zomwe siziyenera kugulidwa zakale ngakhale ndalama zitachepa: lamba, ma seal a bokosi ndi pampu, mapaipi, ma tie rod end, mabawuti omangira bokosi, ndi mafuta. Ma seal asinthidwe bokosi lisanakwere pa galimoto. Kulitsitsanso pakatha mwezi chifukwa likudontha ndi kulipira ntchito imodzi kawiri.

Paipi yochokera ku pampu imanyamula mphamvu yomwe imatha kupitirira ma bar 70, pomwe tayala la galimoto limakhala ndi ma bar awiri kapena atatu okha. Paipi wamba yomangidwa ndi kilipi kapena waya imaphulika. Iyenera kupangidwa ku shopu yopanga mapaipi a mathirakitala ndi matipa, komwe amafinya mitu yake ndi makina. Popita kumeneko ndi bwino kunyamula mitu ya paipi yakale kuti mazinga afanane. Mapaipi onse adutse kutali ndi ekizosi, chifukwa mafutawa akathira pa chitsulo chotentha amayaka.

Wogula apemphe lisiti yolembedwa dzina la shopu, katundu yemwe wagulidwa, ndi masiku omwe angabweze ngati sakugwira ntchito. Lisitiyo imamutetezanso pa nkhani ya katundu wakuba, popeza kupezeka naye ndi mlandu. Ndi makaniko, mgwirizano ukhale wa ntchito yonse, ndipo gawo lomaliza la malipiro lidikire mpaka galimoto itayesedwa pamsewu.

Ntchito ya pa chasisi

Bokosi la power steering limakankha chasisi mwamphamvu kuposa lakale, makamaka galimoto ikamakhotetsedwa itaima ndi katundu. Chasisi ya zaka 40 imakhala ndi dzimbiri m'kati. Pomwe pakukhala bokosi payeretsedwe mpaka chitsulo chioneke, paunikidwe ngati pali ming'alu, kenaka palimbitsidwe ndi chitsulo chokhuthala.

Pomwe bawuti likudutsa m'chasisi ya mphako, m'katimo muikidwe kapaipi kachitsulo kokhuthala komwe bawutilo lidutsemo. Popanda kapaipika, kumanga nati kumafinya makoma a chasisi, mabawuti amamasuka pang'onopang'ono, ndipo bokosi limayamba kuvina. Mabawuti akhale olimba, olembedwa 8.8 kapena 10.9 pamutu. Mabawuti a m'hadiweya opanda nambala ndi a mageti ndi mawindo.

Shafti yochokera ku chiwongolero ilumikizidwe ndi ma universal joint oyenera timizere ta bokosilo, ndipo isakhudze chasisi, injini kapena mapaipi a mabuleki. Kudula shafti ziwiri n'kuzilumikiza ndi moto pamphambano ndi njira yotchipa yomwe imathyoka popanda chenjezo. Wowotcherera wa mafelemu a zitseko akhoza kukhala waluso pa ntchito yake, koma ntchito iyi imafuna amene anazolowera chasisi.

Pomanga, bokosi liikidwe pakati. Makaniko awerenge kuti shafti ikuzungulira kangati kuchokera kumapeto mpaka kumapeto, abwerere theka, ndiyeno alumikize drag link magudumu atalunjika. Akapanda kutero galimoto imakhota kwambiri mbali imodzi, pang'ono mbali inayo. Mabawuti oletsa magudumu pa ekiselo akonzedwe kuti ndiwo aziyamba kugunda bokosi lisanafike pamapeto pake. Nati iliyonse ya tie rod ndi drag link ikhale ndi pini yake yatsopano, osati msomali. Pulley ya pampu ilunjikane ndi ya injini, apo ayi lamba amalira, amatha msanga ndipo amadumpha.

Mafuta ndi kuyesa

Toyota zakalezi zimagwiritsa ntchito mafuta ofiira a giyabokosi ya automatic, a mtundu wa Dexron II kapena III. Mafuta a mabuleki amawononga ma seal onse, ndipo oyilo wa injini si wa ntchitoyi. Pochotsa mpweya, kutsogolo kukwezedwe pa jeke, thanki idzazidwe, ndipo chiwongolero chizunguliridwe pang'onopang'ono mbali zonse kangapo injini isanalizidwe. Kenaka injini ilizidwe n'kubwereza, kwinaku akuwonjezera mafuta mpaka thovu litatha. Pampu yolira ngati mphaka imakhala ili ndi mpweya kapena mafuta achepa. Chiwongolero chisagwiridwe pamapeto kwa masekondi ochuluka, chifukwa mafuta amatentha ndipo pampu imapsa.

Ulendo woyamba ukhale wa pabwalo, galimoto ilibe katundu. Ikatha kuyesedwa ipite ku wheel alignment. Pakatha sabata ikugwira ntchito, mabawuti a bokosi ndi nati ya pitman arm zimangidwenso, ndipo chasisi iunikidwe ngati yayamba mng'alu.

Nanga za magetsi?

Popeza Vitz, Passo ndi Sienta zophwasulidwa zachuluka, amakaniko ena amaika chiwongolero cha mota ya magetsi chochokera pa galimotozi. Njirayi ilibe pampu, lamba kapena mafuta odontha. Komabe motayo inapangidwira galimoto yopepuka, ndipo mphamvu yake yonse imadutsa m'bokosi lakale lomwe mwina latha kale. Imakoka magetsi ambiri, choncho imafuna alternator yamphamvu, waya wokhuthala ndi fyuzi yake. Land Cruiser zina za dizilo zili ndi magetsi a ma volt 24, pomwe motayo ndi ya ma volt 12. Pa galimoto yonyamula matumba m'matope ndi m'fumbi, power steering ya mafuta ndiyo imapirira.

Zosintha kwa dalaivala

Walira mvula walira matope. Galimoto ikakhala ndi power steering, dalaivala ali ndi zinthu zatsopano zoyang'ana m'mawa uliwonse: mlingo wa mafuta m'kathanki, kulimba kwa lamba, ndi madontho pansi. Lamba wapadera ndi botolo la mafuta zikhale m'galimoto pa ulendo wa kumudzi.

Chizolowezi chozimitsa injini potsetsereka pofuna kusunga dizilo chitheretu. Injini ikazima pampu imaima, ndipo chiwongolero chimalimba mwadzidzidzi, nthawi zina kuposa momwe chinalili poyamba. Mabuleki nawonso amafooka. Pa zitsetse za Chiweta, Khwekhwerere kapena potsikira ku Chikwawa, makona amabwera motsatizana ndipo galimoto yodzaza sipereka mpata wachiwiri. Dalaivala akumbukirenso kuti kufewa kwa chiwongolero sikuchepetsa katundu yemwe ma tie rod akusenza. Gudumu likatsamira mwala kapena chitsa, kukakamiza chiwongolero kumapinda zitsulo iye osamva kanthu m'manja.

Galimoto ikapita kukayesedwa COF ku Directorate of Road Traffic and Safety Services, chiwongolero ndi chimodzi mwa zomwe zimaunikidwa, ndipo kugwedera, kudontha kwa mafuta kapena zowotcherera zokayikitsa zikhoza kuilepheretsa. Ndi nzeru kufunsiratu ku ofesiyo ngati ntchito ikukhudza kuboola kapena kuwotcherera chasisi, komanso kudziwitsa kampani ya inshuwalansi mwa kalata, kuti ngozi ikachitika pasakhale chifukwa chokanira kulipira.

Kwa mwini Hilux LN106 kapena Land Cruiser 70 amene wapeza galimoto yofanana yophwasulidwa, ntchitoyi ndi yopindulitsa ndipo imakwezanso mtengo wa galimoto akadzafuna kuigulitsa. Kwa mwini Land Cruiser 40 kapena Land Rover Series III, chachikulu ndi kupeza mmisiri amene anagwirapo ntchito yotereyi ndipo akhoza kuonetsa galimoto yomwe ikuyenda. Ngati ndalama zilipo za bokosi ndi pampu zokha, ndi bwino kukonza chiwongolero chakale, kupopa matayala ndi kuthira girizi, n'kudikira mpaka za ntchito yonse zitakwana.